Buku Limene Ndinasindikiza Osaliwerenga

Zikomo amayi otsogolera msonkhano, zikomo nonse olemba anzanga. Mwandipatsa mpando koma ndilankhula choimirira, chifukwa nkhani yangayi ndikaikamba nditakhala pansi imandibwerera kukhosi.

Dzina langa ndine Tamala Mvula, wa ku Kanyama. Makolo athu anachokera ku Katete, koma ine ndi akulu anga a Enelesi tinabadwira mu Lusaka muno. Andiuza kuti ambiri mwa inu mwamaliza kulemba mabuku anu ndipo mtima ukuthamangira kwa wosindikiza. Ine ulendo umenewo ndinauthamanga, ndipo ndabwera kudzakuuzani kumene unakandigwetsa.

Ndinali wotaipa mu ofesi ya kampani ina ya boma. Zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa limodzilimodzi, ifenso tsiku lina anatiitanira m'kantini n'kutiuza kuti ntchito yatha. Inu achikulire mukukumbukira. Ufa unkakwera mtengo iwe uli pamzere womwewo, amuna amene dzulo ankavala matayi lero akufuula salaula, zovala za kaunjika zija, m'mbali mwa msewu. Anatipatsa tindalama totsanzikira. Anzanga anagula mafiriji, ena matumba a makala oti azigulitsa. Ine ndinagula makina otaipira omwe ndinkagwiritsa ntchito mu ofesimo, n'kuwasenza pamutu mpaka ku Kanyama. Kuyambira kusukulu ndinkalakalaka kulemba buku la nkhani yopeka, ndiye ndinati nthawi yake ndi inoyi.

Nkhani sindinakaifune kutali. Inali m'nyumba mwanga momwemo. A Enelesi anali aphunzitsi a pulayimale. Amuna awo, alamu anga, ankayendetsa lole, ndipo anali ndi akazi m'misewu yonse imene loleyo inkapita. Anabweretsa matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Anadwala, anamwalira, kamwana kawo kamodzi komweko n'kuwatsatira. Achibale a mwamuna anabwera kudzasesa katundu, mpaka matiresi. A Enelesi anasamukira kwa ine. Kusukulu kwawo ndi kutchalitchi anthu ankangodziwa kuti bamboyo anafa ndi chifuwa, ndipo akulu angawo ankafuna kuti zikhale choncho.

Ine ndinatenga zonsezo n'kuzikhuthulira m'makina. Ndinangosintha dzina, Enelesi akhale Esitere, basi. Lole ndinaisiya, sukulu ndinaisiya, mtundu wa yunifolomu ya ana ndinausiya. Ndinataipa dzinja lonse. Tsamba likatuluka m'makina ndinkalivundikira pamulu, osalicheukiranso. Ndinkadzitama kuti ine zala zanga siziphonya chilembo. Sindinkadziwa kuti kutaipa mwaukhondo ndi kulemba bwino ndi ntchito ziwiri zosiyana. A Enelesi akachokera kusukulu n'kundifunsa kuti, “Iwe Tamala, ukugogoda chiyani tsiku lonse?” ndinkangoti, “Mudzaona likatuluka.”

Ndinaonetsa anzanga awiri a m'kwaya masamba oyamba. Sanafike ndi pansi pa tsamba pomwe. “Awe ba Tamala, muli na mutu! Ichi chizagulika monga vitumbuwa!” Mawu amenewo ndinawameza osatafuna.

Ku Matero, kuseri kwa msika, kunali bambo wina dzina lake ba Tembo, wosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Ndimuyamikire pamaso panu, bamboyo sanandinamize. Atanyamula mulu wa mapepala anga anandiyang'ana n'kufunsa, “Amai, mwaiwerenga bwino bwino iyi buku? Mwapasako munthu wina aione?”

Ndinayankha mwamwano. “Ndalemba ndine. Ndiliwerengerenji?”

Atakonza zonse anandiitananso n'kundipatsa mapepala oyeserera. “Tengani aya mukaone kunyumba ngati muli volakwika. Koma muzibe kuti pepala ikwera mutengo sabata iliyonse. Mukachedwa maningi, ndalama zanu sizizakwana.”

Ndinamva mawu achiwiriwo, oyambawo ayi. Kunalinso msonkhano waukulu wa amayi a mpingo umene unkayandikira, ndipo ndinkafuna ndikagulitse kumeneko. Ndinayang'ana chikuto, ndinaona dzina langa m'zilembo zikuluzikulu, mutu unazungulira. Mapepala oyesererawo ndinawasiya patebulo pomwepo. “Sindikizani, ba Tembo.” Ndalama zonse zotsanzikira ntchito zinathera pamenepo.

Kumsonkhano kuja amayi anagula ndithu. Ndinabwerera kunyumba ndikuvina. Lamlungu lotsatira titalowa m'tchalitchi ndi a Enelesi, amayi a pabenchi pathu anasendera kumapeto. Wina anakoka mwana wake n'kumukhazika pamiyendo. Ine sindinamvetse mpaka mnzanga wa m'kwaya uja, yemwe uja wa vitumbuwa, atandikokera panja n'kunditsegulira buku langa lomwe. Abale anga, zala zanga zija zosaphonya chilembo, zikafika pamene nkhani yatentha zinkaiwala Esitere n'kutaipa Enelesi. Osati kamodzi. Pa tsamba limene dokotala akuuza mkaziyo za magazi ake, dzina lenileni la akulu anga linali poyera ngati chikwangwani.

Kusukulu makolo anayamba kupempha kuti ana awo achoke m'kalasi mwa a Enelesi. M'chipinda cha aphunzitsi kapu yawo ya tiyi anaipatula, anaiika payokha pazenera. Tsiku lina a Enelesi anabwera kunyumba ndi buku limene wina anawaikira m'chikwama, analiika patebulo, n'kunena mosakweza mawu, “Sindinaliwerenge ndipo sindiliwerenga. Anthu andiwerengera kale.” Anamanga zovala zawo m'chitenje, anakapeza kachipinda ku Kabanana, anapempha kusamutsidwa sukulu. Sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana.

Kuchokera apo ndinatsetsereka mwachangu. Amene ankafuna miseche anali atagula kale, ndipo ankangobwerekana. Ena onse ankaseka. Makatoni a mabuku anadzaza chipinda mpaka kudenga. Mvula itabwera, inu mukuidziwa Kanyama, madzi anasefukira, zimbudzi zinadzaza n'kutayikira m'njira, zonsezo n'kulowa m'nyumba. Makatoni apansi anamwa madzi amenewo. Mabuku anafufuma, anachita nkhungu yakuda, mphemvu zinaswana m'kati. Ndinkagona ndi fungo limenelo, kudya ndi fungo limenelo, osataya ngakhale katoni imodzi, poti ndinkati ndi chuma changa.

Pafupi ndi kwathu panali mayi wina wophika kachasu, amake Dalitso. Ndinayamba ndi kakapu kamodzi koti ndithe kudutsa pampopi pamene amayi ankandinong'ona. Kenaka kakapu ka m'mawa. Kwaya ndinasiya. Ndinagulitsa wailesi, ndinagulitsa mipando, potsiriza ndinagulitsa makina otaipira aja kwa munthu wa zitsulo. Zitatha zogulitsa ndinayamba kusenza mabuku kupita nawo kwa amake Dalitso. Mabukuwo ankasonkhezera nawo moto pansi pa mgolo wa kachasu, ena ankapachika pamsomali m'chimbudzi, ine n'kumandithirira pang'ono.

Koma si pamenepo pamene ndinafika pansi. Zidakwa za pamalopo zinanditcha ba Mlembi. Zinatulukira masewera. Wina ankatola buku pamulu wa nkhuni n'kufuula, “Ba Mlembi, imililani! Tiwerengeleni paja pamene wakufa auka kuyenda ku bawa!” Ndipo ine ndinkaimirira pa kreti, chitenje chitanyowa mkodzo wanga womwe, ntchentche zili ng'waa pa masanzi a munthu pambali panga, n'kumawerenga, iwo akugubuduka ndi kuseka. Malipiro ake kakapu. Tsiku lina anati, “Manje tiwerengeleni ya ba sisi banu ku chipatala.” Ndinawerenga. Ndinasinthanso mawu kuti afanane ndi a akulu anga, kuti aseke kwambiri. Ndinagulitsa matenda a mwana wa mayi anga pa kachasu wa m'kapu ya pulasitiki yong'ambika. Ndikakumbukira zimenezo mpaka lero malovu amandiwawa m'kamwa.

M'mawa wina ndili chigonere pakhonde, mutu ukuwawa, panafika mayi wachilendo wovala bwino. Anaima patali, atatseka mphuno ndi mpango.

“Ndimwe ba Tamala? Ine ndine mwine wa nyumba yamene bankalamo bakulu banu ku Kabanana. Badwala maningi. Bakuti mubwere na buku, koma mubwere osamwa.”

Ndinasamba, kwa nthawi yoyamba pa masiku ambiri. Ndinakwera pampando wa njerwa n'kusolola buku limodzi pakatoni yapamwamba, n'kukutumula mphemvu. Ndinakwera minibasi ya ku Kabanana. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anatsegula zenera.

A Enelesi ndinawapeza atagona pa kamatiresi kopyapyala, ataonda moti ndinawazindikira ndi mpata wa mano wokha. Kachipindako kanali kosesedwa bwino, mabuku a sukulu atasanjidwa pakona. Ndinagwada pakhomo n'kuyamba kulira.

“Leka zimenezo,” anatero. “Ukununkha. Khala apo pafupi ndi chitseko. Wabwera nalo?”

“Ndabwera nalo, akulu.”

“Maso anga sakuonanso zilembo. Ndikufuna ndimve ndi makutu anga chinthu chimene chinandichotsa ku Kanyama. Yamba tsamba loyamba. Usadumphe.”

Mvetsani bwino apa, olemba anzanga. Buku limenelo ndinali nditalilemba, nditalisindikiza, nditaligulitsa, nditawerengera zidakwa tizigawo take. Koma kuyambira tsamba loyamba mpaka lotsiriza, ndili bwinobwino wosaledzera, ndinali ndisanaliwerengepo. Tsiku limenelo ndi pamene ndinakumana nalo.

Linayamba ndi dzuwa kutuluka. Dzuwalo linatuluka tsamba loyamba, lachiwiri likutulukabe, mbalame zikuimba, mame akunyezimira, mu Kanyama muja momwe m'mawa umadzutsidwa ndi hutala ya minibasi ndi fungo la ngalande. A Enelesi anati, “Kodi anthu afika liti m'bukumu?” Anthu atafika, onse ankalankhula ngati alaliki. Mkazi kupempha mchere kwa mnzake, mawu ake ngati akuwerenga kalata ya kwa Akorinto. Aliyense akamva kanthu misozi inkatsika m'masaya mwake ngati mtsinje. Mtsinje umenewo ndinauwerenga mobwerezabwereza mpaka lilime linayamba kuukana. Mwana wa Esitere anabadwa wamwamuna dzina lake Chikondi, pakati pa buku anasanduka wamkazi dzina lake Tiyamike. Mwamuna wa Esitere tinamuika m'manda ndi nyimbo ndi nkhata zamaluwa, koma mitu iwiri kutsogolo tinamupeza ali m'bawa ku Chawama akuitanitsa mowa.

Apo a Enelesi anaseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndinachita kuwadzutsa n'kuwamwetsa madzi. “Bambo ameneyo,” anatero akupuma movutika, “ngakhale m'buku sakhazikika malo amodzi.”

Ine sindinaseke. Tsamba lililonse linkandinyansa kuposa linzake. Ndinkamva ngati ndikutafuna chakudya chimene ndinalavula kale. Nditafika pa tsamba la dokotala lija ndinameza dzina lawo n'kuwerenga kuti Esitere.

“Werenga chimene chalembedwa.”

“Akulu, chonde.”

“Kanyama yense anawerenga. Ine ndekha ndisamve? Werenga.”

Ndinawerenga dzina lawo mokweza, m'chipinda chawo, iwo ali gone ndi matenda omwewo. Kenaka ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kusanza mpaka m'mimba munauma. Mwini nyumba uja anandipatsa madzi. Ndinabwerera, ndinakhala pansi, ndinamaliza buku lonse dzuwa litapendeka.

Kenaka a Enelesi anati, “Masiku onsewa ndimati unandigulitsa. Lero ndamva kuti unandigulitsa motchipa. Mkazi wa m'bukuyu ndani? Amangolira. Tsiku limene achibale a alamu ako anadzasesa m'nyumba, ine ndinalira?”

“Iyayi.”

“Ndinatani?”

“Munakhala pa makina osokera n'kuwauza kuti amene akuwafuna awanyamule pamodzi ndi inu.”

“Anawanyamula?”

“Anawasiya.”

“Nanga bwanji sunalembe zimenezo? Ndipo alamu ako wawasandutsa chilombo kuyambira tsamba loyamba. Ukuganiza kuti ine ndine chitsiru, kukhala ndi chilombo zaka zonse zija? Munthu uja ankandiseketsa. Akabwera ku ulendo ankakhala pamphasa n'kumaluka tsitsi la mwana, zala zikuluzikulu zija. N'chifukwa chake zinawawa. Iwe unkabwera m'nyumba momwemo, ukudya nafe, koma sunatione. Unkangoona dzina lako pachikuto.”

Ndinati, “Ndikhululukireni.”

“Za kukhululuka tikamba tsiku lina, sindinafikepo. Lero ndikulankhula ngati mphunzitsi. Mwana akandibweretsera ntchito imene sanaibwereze, sindimuchongera. Ndimamubweza. Iwenso ndikukubweza. Chotsamo dzina langa, chotsamo sukulu yanga, chotsamo lole. Chimene chitsale chikhale chako, uchigwirire ntchito. Ukalemba uzibwera kudzandiwerengera. Ukabwera utamwa, mayi a nyumba akubwezera pageti.”

Sindinabwerere kukagona ku Kanyama. Ndinayala mphasa pansi m'kachipinda komweko n'kuyamba kuwasamalira, kuwasambitsa, kuwaphikira phala, kuchapa nsalu zawo. Thupi linkafuna kachasu mpaka mafupa kuwawa, thukuta kutuluka, manja osagwira supuni. Sindikunamizani kuti ndinasiya kamodzi n'kamodzi. Ndinagwanso. Anandituma ku Kanyama kukatenga mapoto, miyendo inandipititsa kwa amake Dalitso, ndipo pobwerera mayi a nyumba anandibwezadi pageti. Ndinakhala kunja kwa mpanda ndikumva akulu anga akutsokomola m'kati, wowapatsa madzi palibe. Kuyambira tsiku limenelo sindinalawenso, ndipo ku Kanyama sindinkapitanso ndekha. Ngati pali wina pano amene botolo lamugwira, ndikukuuzani chimene chinandithandiza ine: chokani pamalo pamene mumamwera, ndipo pakhale munthu amene ali ndi mphamvu yokutsekerani chitseko.

Ntchito yoyamba pa bukulo sinali kulemba. Ndinapita ndi mayi a nyumba aja ku Kanyama, tinatulutsa makatoni onse owola aja, tinathira parafini n'kuyatsa. Utsi wake unali wonunkha moti aneba anatitukwana. Kenaka ndinayenda khomo ndi khomo kwa amayi a mpingo kupempha kuti andibwezere mabuku amene anagula. Ena anabweza. Ena anati anataya. Ena ananditsekera chitseko.

Ndiye ndinayambanso, ndi pensulo, m'makope a ana a sukulu amene a Enelesi anali nawo. Pensulo inandiphunzitsa kuchedwa. Ndisanalembe chiganizo chimodzi ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti nkhaniyi ndi ya yani, akufuna chiyani, chikumuletsa n'chiyani. Mkaziyo ndinamupanga wosoka zovala pa msika, wa mkamwa moyabwa, wokonda ndewu, wosiyana ndi akulu anga. Mwamunayo ndinamupanga wokonza mawailesi, woseketsa, wabodza. Nditawachotsa anthu enieni m'pamene anthu a m'bukumo anayamba kupuma okha. Ndinang'amba katoni ya sopo n'kulembapo maina a anthu onse, zaka zawo, amene wamwalira ndi mutu umene wamwalirira, n'kuikhoma pakhoma, kuti wakufa asadzaukenso.

Mutu uliwonse ndikaumaliza ndinkauwerenga mokweza pambali pa matiresi. Ichi ndicho chida chachikulu chimene ndili nacho mpaka lero. Diso limakhululuka, khutu silikhululuka. Pamene lilime lapunthwa, chiganizo n'cholakwika. Pamene womvera wayamba kuyang'ana kudenga, tsambalo n'lonenepa, lichepetseni. A Enelesi akatopa ndi kulankhula ankangogogoda chala pakhoma, ine n'kudziwa kuti apa pali bodza. Nthawi zina ankati, “Munthu wa njala salankhula choncho.” Ndinkafufuta n'kuyambiranso. Mutu woyamba wokha ndinaulemba mobwereza mpaka kope linabooka ndi labala.

Sanamve buku lonse. Anamwalira tili pakati. Anthu amayembekeza kuti ndinena kuti mawu awo otsiriza anali okoma. Mawu otsiriza amene ananena pa bukulo anali akuti, “Mutu uwu watalika, udule.” Za kukhululuka zija sanazitchulenso. Koma masiku awo omaliza sankalola munthu wina kuwamwetsa phala, ine ndekha. Ndimagwira pamenepo.

Titaika maliro ndinatsekera makopewo m'sutikesi miyezi ingapo. Ndinapeza kaganyu m'tauni kotaipira anthu makalata ofunsira ntchito, ntchito zimene kunalibe. Nditatsegulanso sutikesi ndinawerenga ngati zolemba za munthu wina, ndipo zolakwa zimene kale sindinkaziona zinali zitayandama pamwamba ngati mafuta. Musamakonze buku likadali lotentha. Lisiyeni lizizire. Ndinamaliza mitu yotsala, ndinabwereza lonse kuyambira pachiyambi, kenaka mwini malo a ganyu anandilola kutaipa pa makina ake makasitomala akachepa.

Pamenepo mtima unayambanso kuthamangira kwa ba Tembo. Ndinaugwira. Ndinafunafuna munthu wosandikonda. Anzanu a m'kwaya, amuna anu, ana anu, amenewo adzakuuzani kuti muli ndi mutu. Ku Chilenje kunali bambo wina wopuma pantchito, ba Zulu, amene kale ankakonza mabuku a sukulu asanasindikizidwe. Anthu ankati ndi wouma mtima, ndipo sananame. Anasunga mapepala anga nthawi yaitali, pobweza anali ofiira ngati pophera mbuzi. Panali mutu wina wa maliro a mwana umene ndinkaunyadira kuposa yonse, umene ndinaulemba ndikulira. Anaudula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi.

“Ba Zulu, apa ndi pamene pali mtima wa buku!”

“Apa ni pamene mulila imwe,” anatero. “Mukalila imwe, owerenga sazalila. Siyani chabe paja pamene amake achapa kadilesi ka mwana n'kukayanika. Vina vonse chosani.”

Ndinatuluka nditakwiya, ndinawatukwana mumtima njira yonse mpaka ku Kabanana. Patapita masiku ndinawerenga mutuwo mokweza ndili ndekha, ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Masamba ambiri anasanduka ndime imodzi. Sindinavomere zonse zimene ananena, zina ndinakana ndipo ndinawauza chifukwa chake. Koma chilichonse ndinachiyesa kaye ndisanakane.

Nkhani itakhazikika m'pamene ndinayamba kusaka zilembo zolakwika. Imeneyo ndi ntchito ina payokha, musaiphatikize ndi yokonza nkhani. Ndinkaika rula pansi pa mzere uliwonse, kuyambira tsamba lotsiriza kubwerera m'mbuyo, kuti nkhani isanditenge. Maina ndinawasaka paokha, dzina lililonse, tsamba lililonse.

Nditabwerera ku Matero, ba Tembo anafunsa, “Amai, mwabwela futi?” Ndinati ndabwera. Atandipatsa mapepala oyeserera ndinawanyamula kupita nawo kunyumba, ndinawawerenga, ba Zulu anawawerenga, tinapezamo zolakwa zina zimene zinalowa posindikiza. Pepala linakweradi mtengo ndili m'kati mowerenga, ndipo ndalama zimene ndinasonkhanitsa pa ganyu zinangokwanira mabuku ochepa. Ndinati zikhale choncho. Anagulidwa pang'onopang'ono, m'masukulu, m'matchalitchi, pamanja. Sindinalemere nalo. Koma ndikhoza kulitsegula pa tsamba lililonse pamaso pa munthu aliyense osachita nseru.

Ndikanakonda kuthera pamenepo, koma umboni wa theka ndi bodza. Chaka chathachi ndinapita kumaliro ku Kanyama. Tili kuseri kophikira, mayi wina wachikulire wa mpingo wathu wakale anandigwira dzanja n'kundinong'oneza akumwetulira, “Ba Tamala, ija buku yanu yoyamba nikali nayo. Naisunga mu sutikesi.”

Ndinamugwadira pamaso pa anthu. Ndinati, “Amayi, ndikupatsani latsopano, ndikupatsani awiri, mundibwezere limenelo ndikaotche.”

Anaseka n'kuchotsa dzanja lake. “Awe. Yatsopano ni yabwino, naiwerenga. Koma yakale ndiye ili na dzina.”

Ndiye lilipo. Lili m'sutikesi ya mayi ameneyo, ndipo mwina m'masutikesi ena amene sindikuwadziwa, ndi dzina la akulu anga m'kati, iwo ali m'manda osatha kudziyankhira. Mowa ndinasiya, buku ndinakonza, koma limenelo palibe labala imene ingalifufute. Inu mapepala anu akadali m'manja mwanu, palibe amene wawagula. Pitani nawo kunyumba, mutseke chitseko, muwawerenge mokweza kuyambira tsamba loyamba, ndipo musadumphe.

Ndathokoza pondimvera.